Mendulo Ingadikire, Mpunga Sudikira

Chisanu chikayamba kuluma ku Britain, cha m'ma Okotobala kapena Novembala, mabasi odzaza ana a sukulu a ku Malaysia amalunjika mumzinda wa Nottingham. Kumeneko kumakhala Nottingham Malaysian Games, mpikisano wa tsiku limodzi womwe unayamba mu 1985 ndipo umasonkhanitsa ophunzira zikwizikwi ochokera m'mayunivesite a m'dziko lonse la Britain. Ubale wa mzindawu ndi Malaysia ndi wozama, moti yunivesite ya Nottingham ili ndi nthambi ku Semenyih, kufupi ndi Kuala Lumpur. Anzawo a ku America ali ndi Midwest Games, a ku New Zealand ali ndi Bersatu Games. Mukawafunsa, onse amati akupita kukapikisana. Koma nthabwala zomwe amasimbirana pobwerera zimaulula zina. Zoona ndi zothira mchere musiyanitse nokha.

Mapulani a kaputeni

Timu ina ya mpira wa miyendo inanyamuka ku Scotland pakati pa usiku. Anyamata anagona chokhala, mawondo ali pachibwano, mpaka kunawachera ku Nottingham. Pofika 10 koloko m'mawa anali atasewera magemu atatu, nakwapulidwa onse atatu, popanda ngakhale chigoli chopukutira misozi. Basi yobwerera inali ya usiku.

Kaputeni anawasonkhanitsa nati: "Amuna anzanga, musagwe ulesi. Mapulani athu ayenda bwino kwambiri. Matimu enawa akadali kuthamangitsana pabwalo, ife tikakhala oyamba pamzere wa chakudya."

Aliyense goloboyi

Ku Malaysia kumatentha madigiri 30 kapena kuposerapo chaka chonse. Ku Nottingham m'mawa wa Novembala mpweya wa m'kamwa umaoneka ndi maso. Kochi wa timu ina, yemwenso anali wophunzira, anafunsa kuti ndani akhale pagolo. Manja anakwera onse. Mkuluyo anagwidwa chisangalalo, poti kwawo udindo umenewu umapatsidwa kwa amene wafika mochedwa. Atafunsa chomwe chabweretsa chikondi chadzidzidzichi, wina anayankha akunjenjemera: "Goloboyi yekha ndi amene amaloledwa magolovesi."

Chigawo chachiwiri kochi anaitana wa pabenchi, yemwe anali atadzikulunga majekete awiri ndi bulangete.

"Vula, ulowe!"

"Ndavulala, kochi."

"Wavulala pati usanaponde n'komwe pabwalo?"

"Ndikavula izi muona nokha."

Ndimangosewera pang'ono

Pa badminton pokha palibe chibwana. Dziko la Malaysia, likutchedwabe Malaya, ndi lomwe linatenga chikho cha Thomas Cup koyamba mu 1949, litapumuntha Denmark 8-1 ku Preston, ku England komweko. Mwana wa ku Malaysia amayamba kumenya kampira ka nthenga pageti la nyumba asanadziwe kumanga zingwe za nsapato.

Mnyamata wina wa ku England, katswiri wa kalabu ya kwawo, anatsagana ndi mnzake wogona naye nyumba imodzi. Podikira, anapempha kamtsikana kena kowonda, ka mandala m'maso, kuti atenthetseko thupi. Mtsikanayo anati: "Pepani, ine ndimangosewera pang'ono." Ngakhale chomenyera anachita kubwereka. Gemu inatha 21-3.

Mnyamatayo, akupuma mwa wefuwefu, anadzitonthoza kuti wapezako zitatu. Mnzake anamulongosolera: "Ziwirizo amapukuta mandala. Chachitatucho wakuona kuti ndiwe mlendo."

Madokotala asanu

Sepak takraw ndi masewero a anthu atatu mbali iliyonse. Amaponyerana kampira kolukidwa pamwamba pa ukonde, ndipo kukhudza ndi manja n'koletsedwa. Akatswiri amadumpha, n'kutembenuzika m'malere mutu pansi, kumenya mpira ndi phazi, n'kutera bwinobwino. Wophunzira wina wa uinjiniya, amene anasiya zimenezi ali ku sekondale ndipo kuyambira pamenepo wakhala akulimbana ndi chipisi, anaganiza zokumbutsa anthu kuti iye ndani. Kudumpha anadumpha. Kutembenuzika anatembenuzika. Kutera ndiye kunamuiwalika. Phii!

Anamuthamangira ophunzira asanu a udokotala. Wina anati ndi bondo, wina chiuno, wina anatchula fupa m'Chilatini. Wovulalayo anabuula: "Nanga bwanji osandithandiza?"

"Ife ndife a chaka choyamba," anatero wamkulu wawo. "Taphunzira mayina a mafupa okha. Zokonza timva chaka chachinayi."

Wophunzira zamalamulo anawerama namunong'oneza kuti: "Usadzuke kaye, tione amene tingamusumire."

Golide wa m'chipinda chofunda

Si onse amene amatuluka thukuta. Pamakhalanso masewero a makolo monga congkak ndi batu seremban. Batu seremban ndi phada wawo, wa timiyala kapena timatumba tisanu. Congkak ndi mbale wake wa bawo, koma ali ndi mizere iwiri yokha ya maenje asanu ndi awiri, ndi dzenje lalikulu kumapeto kulikonse, pomwe bawo wathu ali ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Mmalawi wina wophunzira komweko analiyang'anitsitsa thabwalo, nafunsa mwaulemu kuti: "Theka linalo mwaliiwala m'basi?"

Madzulo anakumana anyamata awiri a timu imodzi. Woyamba anali matope okhaokha, akutsimphina, m'khosi mulibe kanthu. Wachiwiri malaya ali mbee, kapu ya tiyi m'manja, mendulo ya golide ikulendewera pachifuwa.

"Waipeza kuti imeneyo?"

"Pa batu seremban."

"Za atsikana a pulayimale zija?"

"Zomwezo. Onetsa yako ya amuna."

Wachitatu pamzere

Pambali pa masewerowa pamakhala msika wa zakudya zakwawo, ndipo mpikisano weniweni uli kumeneko. Mfumu ya zonse ndi nasi lemak: mpunga wophikira mkaka wa kokonati, tsabola wokazinga wotchedwa sambal, tinsomba touma, mtedza, dzira ndi nkhaka. Munthu amene watha miyezi akudya buledi wozizira akaununkhiza, nzeru zimamuchoka.

Timu ina inafika mundime ya semifainolo, koma womwetsa zigoli wawo osaoneka. Kaputeni anamupeza pamzere.

"Tiye, oyimbira atipatsa mphindi ziwiri zokha!"

"Mkulu, ndaima pano ola lathunthu. Kutsogoloku kwatsala anthu awiri."

"Nanga mendulo?"

"Mendulo idzakhalapo chaka chamawa. Mphika uwo ukuoneka pansi."

Kaputeni anasuzumira mumphikamo, anakhala duu, kenako anati: "Ugule ziwiri."

Wochemerera wolakwika

Mnyamata wina wa ku Manchester anamupeza akuchemerera ndi mtima wonse timu ya ntchemberembaye ya ku London, yomwe inkasewera ndi atsikana a kwawo komwe. Anzake anamupanikiza kuti afotokoze za uchiwembu umenewu. Iye anati amangokonda masewero abwino basi. Atamufunsa kuti timu ya ntchemberembaye imakhala ndi osewera angati, analoza pabwalo osaphethira: "Mmodzi. Uyo wa riboni yofiirayo."

Foni ya kumudzi

Lee Chong Wei, ngwazi yawo ya badminton, anafika mufainolo ya Olympics katatu, mu 2008, 2012 ndi 2016, ndipo ulendo uliwonse anabwerera ndi siliva. Kawiri anamugonjetsa Lin Dan, kachitatu Chen Long, onse a ku China. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala nambala 2 ali ndi pobisala.

Mnyamata wina atagonja mufainolo anaimbira foni ku Penang.

"Ababa, ndapeza mendulo ya siliva!"

"Wagolide ndi mwana wa ndani?"

"Koma ababa, ngakhale Lee Chong Wei anatenga siliva katatu."

Bamboyo anakhala chete pang'ono, kenako anati: "Lee Chong Wei ndimamulipirira fizi m'mapaundi ine? Patsa moni anzako, ukawerenge."