Zipolopolo Zosatha za Commando

Okonda mafilimu akale amadandaula kuti mafilimu a masiku ano adzadza ndi bodza, popeza zambiri zooneka mmenemo zimapangidwa ndi CGI, ndiko kuti zithunzi zojambulidwa pa kompyuta koma zooneka ngati zenizeni, monga anthu abuluu ataliatali a mu Avatar ya mu 2009. Komatu odandaulawa ndi omwe aja ankapanikizana pa mabenchi m'nyumba zoonetsera vidiyo, jenereta ikulira kuseri, n'kumaombera m'manja Arnold Schwarzenegger pamene mu Commando ya mu 1985 ankapulula yekhayekha chigulu cha asilikali, iye osagwa ngakhale onsewo akumuwombera, ndipo zipolopolo zake zimachita ngati sizitha. Bodza limenelo, mwina poti linkachitidwa ndi munthu wotuluka thukuta, sanalidandaulepo mpaka lero.