Kalata Yochokera ku Joni: Za Galimoto Imene Ndikubwera Nayo

Okondedwa a Malume,

Ndagwada pamaso panu kukulonjerani, inu pamodzi ndi mbumba yonse, ndi kukudziwitsani kuti Ambuye akalola, Khirisimasi ya chaka chino ndidzadyera pakhomo panu. Koma sindidzabwera pa basi monga achitira machona ena, pakuti ndagula galimoto ya dizilo, Mercedes-Benz 240D ya m'chaka cha 1982, imene mwini wake, mkulu wina wa ku Benoni, pondipatsa makiyi anagwetsa misozi. Ndipo kufikira lero ndilikusinkhasinkha ngati inali misozi ya chisoni kapena ya chiwombolo.

Galimoto imeneyi, a Malume, siidzuka wamba m'mawa. Munthu ayenera kupotoza kiyi pang'ono, nadikira mofatsa kuti mapulagi atenthe, ndipo ikakhosomola, nigwedezeka thupi lonse, itulutsa utsi umene ana a Israyeli akadautsata m'chipululu osasokera. Chondizizwitsa n'chakuti ikayamba kulira siifunanso kuleka: ungakhale uzule kiyi ndi kumuika m'thumba, iyo ingolirabe, kufikira utatsegula boneti ndi kukanikiza kachitsulo kolembedwa kuti STOP. Amakaniko akuti kapaipi kena ka mpweya kanabooka, koma ine ndiona kuti ili ndi mtima wa alaliki aja amene, akaimirira pa maliro, sakhala pansi kufikira adzukulu atawakoka jekete. Sindidandaula, walira mvula walira matope.

Ndidzanyamuka usiku ndi msewu wa N1, kudzera ku Pretoria ndi ku Polokwane, ndipo pa chipata chilichonse cholipiritsa ndidzasiya marandi, ngakhale kuti pa liwiro langa msewu wao sindidzaupweteka konse. Chimene chindisowetsa tulo ndi phiri la Soutpansberg, kupitirira Louis Trichardt, pakuti padenga ndamangapo matiresi, njinga ya mphwanga ndi fuliji ya amayi, ndipo m'kati mwakhala anzanga a ku Balaka amene anapangana nane kuti adzathandiza kugula dizilo, osadziwa kuti pa chitunda adzathandizanso ndi mapewa.

Pa Beitbridge, pamene tiolokera Limpopo, mwezi wa Disembala mzere wa magalimoto uyambira kufupi ndi Musina, ndipo kumeneko wothamanga ndi wochedwa afanana pamaso pa mwini chidindo, monga olemera ndi osauka pa tsiku la chiweruzo. Pamenepo injini sindidzaizimitsa, ngakhale onditsata m'mbuyo atsamwe. Masvingo, Harare ndi Nyamapanda ndidzangopitirira. Koma ku Tete, kumene dzuwa liwamba munthu ali chiyendere ndipo mthunzi uli wa milambe yopanda chifundo, mundipempherere, chifukwa galimoto yanga imwa madzi koposa dizilo. Mwayi wake Zambezi ali pomwepo, ndipo sindinamve kuti anaphwapo. Tikapyola malole a malasha a ku Moatize ndi kukwera mtunda wa Zobue, ndidzapsompsona dothi la Mwanza, amsonkho akatha kuwerenga mabulangete anga.

Tsiku lofika musandifunse, pakuti alidziwa ndi Mulungu yekha. Mbuzi ija musafulumire kuipha. Ndikadzafika pa Zalewa ndidzatumiza mawu ndi wa minibasi, amene adzakupezani ine ndisanaone Ntcheu. Mundilambulire malo pamtunda paja pafupi ndi nkhokwe, poyang'ana kumatsitso, muikepo ndi miyala iwiri yotsekera matayala. Ndipo popeza mvula idzakhala itayamba, ndikupemphani modzichepetsa kuti ng'ombe zanu za ngolo muzizidyetsa madeya kuyambira tsopano, ndi kuti goli likhale pafupi, chifukwa kuchokera pa tala kufika kumudzi, dambo lija ndilidziwa bwino.

Ndine wanu womvera,
mwana wa mlongo wanu.