Moni wa pa bando kwa Zingalume

Kantemba kamene ndikunenaka kali kwa Zingalume, m'boma la Chadiza, ndipo padenga pake pali sola imodzi yodyetsa mafoni a midzi ingapo. Loweruka masana ndinali pa benchi kudikira kuti yanga ikhute moto. Pansi pa mtengo wa mango anyamata anali pa nsolo. Kenaka anatulukira ambuya ena, ndodo m'manja, pambuyo pawo kamtsikana kasukulu katagwira foni yaikulu yong'aluka galasi ngati kanyamula dzira.

"Iwe, ugule bando ija," anatero ambuyawo akumasula mfundo ya chitenje. "Osati tokotaimu. Tsiku lija ndinangoti moni, ndalama yatha."

M'mfundomo munatuluka ndalama yopindapinda ndi kafoni kawokawo ka mabatani. Kafoniko anakabwezera.

Netiweki yabwino pamalopa ili pa chulu, kuseli kwa kantemba. Mdzukulu anakwera, ambuya akukwawa pambuyo. Mwini kantemba anasuzumira pa zenera: "Musakwere kwambiri amayi, mungagwire ya ku Mozambique!" Ambuya sanamuyankhe. Anali kalikiliki kukonza duku ndi kupukuta kumaso, poti mwana wawo wa ku Johannesburg awaona pa WhatsApp.

"Amalume, ndi awa," kanatero kamtsikana, n'kutambasula mkono.

Apa ndiye panayambika moni weniweni. Mwaswera bwanji kumeneko? Nanga akumpanda? Ana? Chifuwa chija chinatha? Kukuzizirabe? Atatha anayamba zakuno: mbuzi yaswa awiri, soya anagulitsa koma mtengo wake sanaukonde, kumaliro kwa uje anapita, chaka chino ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika sapitako chifukwa cha mwendo. Pakati pa nkhani ya mbuzi chithunzi chinaima, mwana wawo atayasama.

"Wauma! Iwe, mugwedeze!"

Mdzukulu anakweza foni m'mwamba, n'kutembenukira kum'mawa. Amalume anatsitsimuka. Mawu ankachedwa panjira, moti onse awiri ankayambira pamodzi kulankhula, kenaka onse chete, aliyense kupatsa mnzake ulemu. Nsolo inali itaima kale. Mnyamata wina anafuula, "Auzeni atitumizireko jombo!" ndipo yankho linabwera kuchokera ku Joni, anthu onse n'kuseka.

Ine ndinakhala ndikuganiza za moni ameneyu. Lamya ya nthambo, ija inali m'manja mwa kampani ya PTC mpaka 1994 pamene kampaniyo inagawidwa kukhala Zamtel ndi Zampost, inali ya m'maofesi ndi m'nyumba za m'tauni. Kumudzi tinkadalira kalata ndi munthu wokwera basi. M'kalata moni ankadzaza tsamba lonse. Atafika mafoni a m'manja tinasangalala, koma tokotaimu inatiphunzitsa mwano. Munthu wamkulu ankaimba n'kungoti "tili bwino, tumizani ya feteleza," foni thii. Ena ankangopeja, kuti wa ndalama ndiye aimbe. Makamaka nambala yoyamba ndi +27, mphindi iliyonse inkaluma. WhatsApp inayamba kuimbitsa mu 2015, ndipo bando siifunsa kuti mawu akupita ku Chipata kapena kutsidya kwa Limpopo. Imangowerenga zimene mwadya pa intaneti. Choncho ambuya apezanso mpata wofunsa za chifuwa cha mdzukulu asanafike pa nkhani ya ndalama, monga mwambo ufunira. Koma kutchipa kumeneku kuli ndi eni ake. Pafunika foni yaikulu, moto, chulu ndi mwana wodziwa pobaya. Amene amaimba motchipa amaimbira pa foni ya wina, pamaso pa anthu.

"Mukukumbukira 2018?" anandifunsa mwini kantemba akundipatsa foni yanga. "Boma litati aliyense woimba pa intaneti azilipira 30 ngwee pa tsiku? Ngakhale amene analibe foni anakwiya nawo." Anaseka yekha, n'kubwerera kukayeza shuga.

Pa chulu paja nkhani inali kumapeto. Ndinamva mwana wawo uja akufunsa, "Amayi, nanga ija munati mundiuza?"

Ambuya anayang'ana mdzukulu, anayang'ana anyamata a nsolo, anandiyang'ananso ine amene ndinkanamizira kuwerenga uthenga.

"Aa, palibe. Ndi za mbuzi zomwezo. Mukhale bwino kumeneko."

Anatsika pang'onopang'ono. Kamtsikana anakatuma kuti katsogole kukatereka madzi, ndipo kananyamuka maso ali pa galasi, kakumalizira bando yotsala pa Facebook. Katangokhota, ambuya anamasulanso mfundo ija.

"Ndipatseni tokotaimu ya K5. Mundiikire muno."

Mwini kantemba anakanda khadi ndi chikhadabo, n'kubaya manambala pa kafoni ka mabatani. Ambuya anapita patali ndithu, kuseli kwa khola la ng'ombe, n'kutifulatira, dzanja lina litaphimba pakamwa. Ndinatchera khutu mmene ndingathere, abale, koma mphepo inkapita kwina. Ndinangogwirako dzina la kamtsikana kaja ndi mawu akuti "mnyamata wa honda".

Sipanathe mphindi imodzi. Anabwerera akumanga mfundo, n'kugula mchere wa K2.