Mapanga Awiri Avumbwitsa, Nanga a Loweruka ku Blantyre?

Munthu amene adachititsa akuluakulu kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa anali ndi mwayi, chifukwa mapanga ake anali awiri okha. Mvula itayamba kudontha adathamangira phanga la kum'mawa, ali m'njira n'kukumbukira kuti la kumadzulo ndi lotakasuka, n'kubwerera, kenaka n'kuganiza kuti mwina kumadzuloko kuli afisi, n'kutembenukanso. Pomaliza kuganiza, madzi anali chuchuchu thupi lonse. Koma munthuyu analibe foni. Panalibe phanga lomuimbira kuti, "Aise, uli pati? Kuno kwayaka!" Panalibenso phanga lomulowetsa m'gulu la WhatsApp osamufunsa, n'kumuuza kuti asonkhe kangachepe pasanafike Lachisanu.

Mzinda wa Blantyre sungatiseke pa nkhaniyi, poti nawonso ndi mapanga awiri. Amishoni a ku Scotland adakhazikitsa Blantyre mu 1876 n'kuipatsa dzina la kwawo kwa David Livingstone. Limbe idamera payokha potsatira njanji ndi fodya. Mu 1956 awiriwa adawamangitsa banja, koma mpaka lero sadalowe nyumba imodzi. Pakati pawo padagona msewu wa Masauko Chipembere, ndipo munthu wa mu Blantyre amakalambira mumsewu umenewu, ali m'minibasi, akuganiza kuti chimene akufuna chili mbali imene wachokayo.

Kuonjezera apo, pakatikati pa tauni pamagona msanga. Masana mu Victoria Avenue simupondeka: a mabanki, osintha ndalama, ogulitsa mayunitsi, anyamata olozera malo oimika galimoto amene mwawaona kale nokha. Ikangokwana 5 koloko, zitseko zachitsulo za mashopu a mu Haile Selassie zimayamba kugwa chimodzichimodzi, anthu n'kutsetserekera ku Mibawa ndi kumsika kukalimbirana mipando. Pofika 7 koloko otsala ndi alonda, makatoni awo ndi timbaula. Mlendo wogona ku Mount Soche kapena ku Ryalls akatuluka kuti aone chisangalalo cha mzinda, amangopeza galu akuoloka Glyn Jones mopanda changu. Chisangalalocho chilipo ndithu, koma chasamukira pa Kamba, ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Bangwe, mpaka ku Chileka. Mapanga athu achuluka, ndipo atalikirana.

Tiyeni titsatire a Ujeni, bambo wa ana atatu wogwira ntchito mu ofesi ina m'taunimo, Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Banja lililonse lili ndi munthu wotere. Ngati kwanu simukumuona, ndiye kuti ndi inuyo. Tsikuli mnzawo wa kuntchito akukwatira, madyerero ku Comesa Hall. Masana omwewo Maule akumana ndi Manoma pa Kamuzu Stadium. Ku Chilomoni kuli chinkhoswe cha mwana wa asuweni. Madzulo anzawo amene adaphunzira nawo ku sekondale akumana pa Kamba, usiku kuli shoo m'tauni, ndipo kumpingo kuli mapemphero a usiku wonse, amene mayi a kunyumba adawalembetsa kale. Kwa onsewa a Ujeni anayankha mawu amodzi: "Ndidzakhalapo, osadandaula." Musawaweruze msanga. Pa Chimalawi kukana kuitanidwa n'kolemera pakamwa. Ukati sindibwera, mawa umva kuti wayamba matama chikwezedwereni pa ntchito. Ukavomera n'kusapita, anthu amamvetsa kuti zinachuluka. Ndiye timavomera zonse, zotsalazo n'kuzisiyira miyendo.

Kavalidwe kokha kanafuna nzeru. Mkati jezi yofiira, pamwamba malaya oyera ndi suti, m'thumba la jekete Chipangano Chatsopano chaching'ono. Munthu mmodzi, mayunifomu atatu.

Amene adamanga Comesa Hall pafupi ndi Kamuzu Stadium ku Chichiri sankaganizira amuna a mtima wofooka. A Ujeni anafika pa ukwati nthawi yabwino, n'kupita patebulo la osintha ndalama. K5,000, imene idayamba kuyenda mu 2022, ndi yabwino m'chikwama koma pa perekaniperekani ndi yachipongwe: waponya kamodzi, gule watha. Anasinthitsa ziwiri kukhala ma K100 kuti akavine nthawi yaitali, mkono ukukwera ndi kutsika mkwati akuona. Thumba la buluku linatupa. Anakhala pansi kudikira kuti MC aitane gulu lawo. MC anayamba ndi akuchikazi. Anabwera akuchimuna. Anabwera amalume, azakhali, a kwaya, aneba a mkwatibwi a ku Nkolokosa, amayi a banki m'khonde, ana onse obadwa mwezi umodzi ndi mkwati. A kuntchito ayi ndithu.

Kenaka kuchokera kubwalo kunamveka chimkokomo chija chimene chimagwedeza malata. Vuto la phokoso la chigoli ndi loti silinena kuti wagoletsa ndani. Amuna theka la holo anaweramira mafoni nthawi imodzi ngati akupemphera. A Ujeni anaika yawo kukhutu, nkhope ili gwa, n'kutuluka akuti, "Halo? Halo? Dikirani ndituluke, kuno kuli phokoso." Foniyo sinaitane n'komwe. Panja anavula jekete ndi malaya, n'kuthamanga nazo m'khwapa.

Ndidutsireko pang'ono apa. Wanderers (Manoma) idayamba mu 1962, Bullets (Maule) mu 1967, ndipo matimu onsewa asintha mayina kangapo potsatira owathandiza. Bullets idakhalapo ya Bata isanafike pa FCB Nyasa, Wanderers idadutsa kwa Yamaha, Limbe Leaf ndi Be Forward. Koma sapota sasuntha. Munthu amasintha ntchito, mpingo, chipani, ngakhale banja, timu ayi. Apa pokha ndi pamene mwamuna wa mu Blantyre ali ndi phanga limodzi moyo wake wonse, ndipo likamadontha amati wadonthetsa ndi oimbira.

A Ujeni analowa m'bwalo chigawo chachiwiri chitayamba. Chigoli chimene anachimva ali ku holo chinali chokhacho cha tsikulo. Analipira pachipata kuti aonere goloboyi akugona pansi ndi mpira, osewera akukokana majezi, ndi wothandizira oimbira akukweza kambendera. Ali chomwecho foni inanjenjemera: "A kuntchito akutiitana, muli kuti? Bwana akufunsa." Pobwerera ku holo anapeza anyamata akusanjikiza mipando, mpunga utatha, keke itagulidwa yonse, ma K100 aja ali phee m'thumba. Ku chinkhoswe cha ku Chilomoni anafikako kudzera pa Airtel Money, ndi uthenga woti atsekerezedwa ndi za kuntchito.

Dzuwa likalowa Loweruka, anthu onse a mu Blantyre amakhala ali pa Ginnery Corner. Muimbireni aliyense amene mukumudikira, ayankha kuti, "Ndili pa Ginnery, ndikufika pompano." Wina akunena zimenezi ali kubafa ku Machinjiri. Akadakhala kuti onsewo alipodi, pa Ginnery sipakadadutsa ngakhale njinga. A Ujeni anakhala pa Ginnery pafupifupi maola awiri, ndipo pa Kamba anafika nthawi yoipitsitsa imene munthu angafike pagulu la anzake: kanyenya atatha, mabotolo a Girini atatsala pang'ono kuuma, maso onse akusaka woti agule raundi yotsatira. Anawalandira ndi chimwemwe chimene sanachionepo chiyambire sekondale. "Biggie wafika!" Analipira pa Mpamba, poti kuwerenga ma K100 pakauntala anzako akuona kumatsitsa ulemu. Asanamalize botolo loyamba anayamba kuyang'ana wotchi. Shoo.

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo a Ujeni, ndi ife tonse. Mwambiwu umaganiza kuti phanga lililonse ndi louma, kuti ukasankha limodzi n'kukhazikika wapulumuka. Akuluakulu aja sadaonepo positala ya shoo. Positala imati 7 koloko madzulo. Wofika 7 koloko amathandiza kunyamula masipika. Ikamati 10 koloko mnyamata wina akuyesabe maikolofoni. Magetsi akathima, jenereta ilipo, koma amene anapita kukasaka mafuta ali pamzere ku filing'i sitesheni. Woimba wamkulu, amene nkhope yake yadzaza theka la positala, ali m'njira kuchokera ku shoo ina ku Zomba, chifukwa nayenso anavomera mapanga awiri usiku umodzi. Munthu amene adapsapo ndi zotere saikanso mtima pamalo amodzi. Amasunga phanga lapadera, ndi lina losungira lapaderalo. Si dyera lokha ayi. Tidaphunzitsidwa ndi madenga odontha.

Kale zinali zosavutirapo. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo ikalengeza kuti Lamulungu masana ku French Cultural Centre kuli Wakhumbata ya Du Chisiza Jr, kapena Kwathu, kapena Izeki ndi Jakobo, mzinda wonse unkadziwa kolowera. Lero chotsala chofananako ndi chikumbutso cha Evison Matafale, amene adamwalira mu November 2001. Chaka ndi chaka mwezi umenewo anthu amakhamukira ku Chileka kukamvera Black Missionaries ndi anzawo pabwalo la mtetete, nthawi imene mvula yoyamba ili pakhomo. Kumeneko ukavumbwa umavumbwa ndi khamu lonse, ukuvina, ndipo palibe amene amayang'ana wotchi.

Amayi asaseke kwambiri. Awo mapanga amabwera ndi nsalu yakeyake: bridal shower ya mtundu uwu, send-off ya mtundu uwo, baby shower yoyera, chinkhoswe cha chitenje chimene komiti idasankha. Telala mmodzi wa m'khonde ku Limbe amalonjeza madiresi onsewo Lachisanu lomwelo, ndiye Loweruka m'mawa mupeza amayi atatu atamuzungulira, aliyense atagwira mkono umodzi wa diresi losamalizidwa. Kusiyana kwake n'koti amayi amafikadi konse kumene analonjeza, mochedwa koma amafika, ndipo amakumbukira bwinobwino amene sanaoneke.

Tibwerere kwa a Ujeni ku shoo. Woimba uja anakwera pansanja cha m'ma 1 koloko. A Ujeni anamva nyimbo imodzi ndi theka, foni n'kuwala: "Bambo a Junior, abusa afunsa kawiri." Anatuluka. Nthawi imeneyo minibasi zidagona kalekale. Otsala ndi a takisi, amene mtengo wawo umakwera akangoona suti, ndi a kabaza, amene amayamba akununkhiza kaye asanatchule mtengo. Zaka za m'mbuyomo kuyenda wapansi ola limeneli kunali kudziitanira vakabu. Mu 2015 apolisi adagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita malonda ake. Iye adakatsutsa lamulo la vakabulo kukhoti, ndipo mu January 2017 High Court idagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Adalimbana ndi mlanduwo ndi munthu wolawirira ku ntchito, koma opindula nawo kwambiri ndi ochedwa ku shoo. Ngakhale zili choncho, galimoto ya apolisi ikangotulukira pakona, miyendo imakumbukirabe lamulo lakale.

Anakwera kabaza. Asanafike patali, mvula yeniyeni, ya madzi, inakhuthuka. Wa kabaza anaima n'kunena kuti matayala ake ndi osalala, sangapitirire, koma ndalama ya mtunda umene ayendawo ikufunika. A Ujeni anathamangira m'khonde la banki ina mu Victoria Avenue, pafupi ndi ofesi yawo yomwe, pamene mlonda wachikulire anali atakhala pa kireti, jasi mpaka m'makutu, kambaula kali ngwee.

"Madala, ndiuseko pano?"

"Usani, bwana. Senderani kuno kumoto. Mukuchokera kuti usiku uno?"

A Ujeni anaganiza kanthawi. "Kumpira."

"Eee, ndiye munaona chigoli chija! Ine ndangomvera pa wailesi. Akuti anamenya ndi mutu, goloboyi n'kungoima. Zinalidi choncho?"

"Zinali choncho, madala."

Mlondayo anawafotokozera chigolicho kuyambira pamene mpira unachokera, wopatsira, woponya kona, ndi mawu amene mphunzitsi wa timu yogonja analankhula atatha masewero. Anatulutsa kafoni kosweka galasi n'kuwaonetsa shoo ija, imene mdzukulu wake ankaionetsa pa Facebook, woimba ali pa nyimbo yachisanu ndi chitatu, anthu manja m'mwamba. Anawagawirako chipisi cha pachiwaya chimene anagula madzulo, chozizira koma cha tsabola wabwino. Ichi chinali chakudya choyamba cha a Ujeni chichokereni kunyumba.

Mvula inakata kum'mawa kukuyera. Kutchalitchi anafika anthu akuimirira kuti apereke chopereka chotsekera, maso ofiira ngati a wina aliyense amene wachezera kupemphera. Mayi a kunyumba anayang'ana suti yonyowa, n'kuyang'ana kolala yofiira imene inkasuzumira pansi pa malaya, osanena kanthu, zimene zinali zoopsa kuposa kulankhula. Mbale itafika, a Ujeni anapisa m'thumba n'kutulutsa mpukutu wonse wa ma K100 a ukwati aja, onyowa, omatana, n'kuukhuthulira momwemo. Mbale inadzaza mpaka ina kugwera pansi. Abusa anaona. Polengeza zomaliza anati mpingo ukusowa anthu a mtima wopereka ngati m'bale amene wafika kumeneyu, choncho akumupempha akhale wapampando wa komiti yokonza big walk yomangira mpanda, imene ichitike Loweruka likudzali kuyambira 6 koloko m'mawa. Mpingo unaomba m'manja. A Ujeni anaimirira, madzi akudontha m'mphepete mwa jekete, n'kuyankha kuti, "Ndidzakhalapo, abusa, osadandaula."