Kaundula wa ndalama za pakhomo, South Bend, Indiana, 2025

Msonkho wonse wa chaka chatha: $8,400. Nambalayi ili pachikuto cha kope lino chifukwa zina zonse zikutsamira pa iyo. Lamulo la IRS, bungwe lotolera misonkho ku America, likuti amene wapereka pa nthawi yake ndalama zofanana ndi msonkho wa chaka chatha, kapena 90 peresenti ya msonkho wa chaka chino, salipira chindapusa. Ife tasankha ya chaka chatha. Ya chaka chino sitingaidziwe mpaka Disembala.

Zomwe adzandidula kuntchito kwanga, kunyumba yosamalira okalamba, chaka chonse: $2,000.
Zomwe amawadula bambo a ana pa ntchito yawo ya Uber: palibe. Wodzilemba yekha ntchito amakapereka yekha, ndipo ali ndi msonkho winanso wa 15.3 peresenti wa Social Security ndi Medicare.
Zotsala: $6,400. Kugawa panayi: $1,600.

Lendi, pamwezi: $1,150.
Gasi ndi magetsi, Januwale: $240.
Ufa, nyemba, nkhuku, mafuta ophikira, pamwezi: $520.
Inshuwalansi ya galimoto, pamwezi: $190.
Kope lolembamo mtunda umene galimoto yayenda pa ntchito: $2. Pa mlingo wa 2025, mailo iliyonse yolembedwa imachotsa masenti 70 pa ndalama zokhomeredwa msonkho. Yosalembedwa ilibe umboni.

15 Epulo, gawo loyamba: $1,600. Laperekedwa.
Fizi ya mwana wa achimwene ku Dedza: $180.

16 Juni, gawo lachiwiri: $1,600. Lolemera ndi limeneli. Magawowa ndi anayi koma sanatalikirane mofanana. Kuchokera Epulo kufika Juni pali miyezi iwiri yokha. Mu Meyi matayala awiri anatha: $260. Sabata yomweyo amayi anagonekedwa m'chipatala kumudzi: $300. Imeneyo sitinakambirane, tinangotumiza. M'akaunti ya msonkho munali $1,310. Zoperewera $290 zinachokera ku masabata awiri amene ndinagwira usiku.

Mtengo wolidumpha gawoli mpaka Epulo wa chaka chamawa: chiwongoladzanja cha 7 peresenti pachaka, miyezi 10, pafupifupi $93. Ena anganene kuti ndi yochepa. Kwa ine ndi theka la fizi ya mwana uja, yotayika popanda chogula, ndipo $1,600 ija ikanatidikirabe pamodzi ndi gawo la chaka chatsopano.

15 Seputembala, gawo lachitatu: $1,600. Laperekedwa. Kuyambira Julayi, Lolemba lililonse tikupatula kotala ya zomwe bambo apeza tisanagule kanthu.
Chopereka cha maliro a Mmalawi mnzathu, kuti thupi lipite kumudzi: $100.
Feteleza ndi mbewu za amayi, Okutobala: $220. Mvula siyembekeza munthu, choncho ndalamayi inali ndi malo ake m'kope kuyambira Ogasiti.

Novembala: ndapempha kuntchito, pa fomu ya W-4, kuti azindidula $50 yowonjezera pa malipiro aliwonse. Zodulidwa kuntchito IRS imaziwerengera ngati zinaperekedwa mofanana chaka chonse, ngakhale zitadulidwa kumapeto.

Khirisimasi, kuno ndi kumudzi: $350.
Msonkho wa boma la Indiana: uli patsamba lake.

15 Januwale 2026, gawo lachinayi: $1,600. Ili kale m'akaunti, siikhudzidwa.
Zimene zingatsale pa msonkho wa 2025: tidzamaliza pofika 15 Epulo.
Chindapusa: $0.