Zala za Mphaka Zinalakwa Chiyani?

Tsiku loyamba limene ndinanyamula mphaka wa agogo amene ndimawasamalira kuno ku Indiana, ku America, ndinagwira phazi lake lakutsogolo n'kulifinya pang'ono, ngati mmene tinkachitira tili ana pofuna kuona zikhadabo zikutuluka m'ubweya. Sipanatuluke kanthu. Ndinafinya chala china, n'chinanso, koma zonse zinali zofewa ngati thonje, ndiponso zazifupi modabwitsa. Mphakayo anasolola phazi lake msangamsanga n'kundiluma pamkono.

Ndinafunsa kuti, "Agogo, kodi mphaka wanuyu anabadwa chonchi?" Iwo anati ayi, anamuchotsetsa zikhadabo akadali kamwana kuti asamang'ambe sofa ndi makatani. Anazinena mopepuka ngati nkhani ya kumeta tsitsi. Ndinangovomera, koma usiku umenewo tulo tinandivuta. Kwathu mphaka timamusungira zikhadabo zakezo. Akangokhala pafupi ndi nkhokwe, makoswe amasamuka okha. Nanga zimatheka bwanji kuti munthu afune mphaka, amugule, azimudyetsa bwino, azigona naye pabedi, koma n'kumuchotsa chinthu chimene chimamuchititsa kukhala mphaka?

Chimene chinandizunguza poyamba chinali chaching'ono. Ine ndikawenga zikhadabo zanga, pakatha milungu iwiri zameranso. Nanga za mphakayu bwanji sizinamerenso zaka zonsezi? Tsiku limene ndinapita naye kukabayitsa katemera ndinalimba mtima n'kufunsa. Ndinati, "Adokotala, mundikhululukire, kodi zikhadabo zimenezi anazizula bwanji kuti zisamerenso?" Dokotala wa ziwetoyo anagwira dzanja langa n'kuika chala chake pamfundo yomalizira ya chala changa, pamene chimapindikira pafupi ndi chikhadabo. Anandifotokozera kuti chikhadabo cha mphaka chimamera kuchokera m'fupa lenilenilo, fupa lakunsonga kwa chala. Kuti chisamerenso, fupa lonselo limadulidwa pamfundo, pamodzi ndi minyewa ndi mitsempha yake. Phazi lililonse lakutsogolo lili ndi zala zisanu. Ndinawerenga zala zanga zomwe, dzanja ili ndi ili, n'kufika pa khumi.

Ndiye ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani amati kuchotsa zikhadabo? Bwanji osangonena kuti kudula zala? Agogowa ndimawadziwa, ndi munthu amene amalira mbalame ikawomba galasi la windo n'kufa. Akanauzidwa tsiku lija kuti mphaka wawo adulidwa nsonga za zala khumi, kodi akanasaina pepala lovomereza? Ine sindikhulupirira.

Funso lina linabwera ndili m'galimoto pobwerera. Munthu amaponda ndi phazi lonse, chidendene ndi zala zomwe. Mphaka amayendera zala zokha, chidendene chake chili m'mwamba. Ndiye akadzuka ku mankhwala ogonetsa, opareshoni itatha, amaponda ndi chiyani? Amaponda ndi mabala omwewo. Munthu akachitidwa opareshoni ya phazi amagonekedwa pabedi, amapatsidwa ndodo, amanena pamene pakuwawa. Mphaka ayenera kuyenda kuti akamwe madzi, ayenera kufukula mchenga akafuna kudzithandiza. Ndipo mphaka ndi nyama yobisa ululu. Akamamva kuwawa amangokhala duu pakona, eni ake n'kumati ndi waulesi kapena wakalamba.

Ndinamva kuti podula amagwiritsa ntchito chida chonga chowengera zikhadabo za agalu, kapena mpeni wa opareshoni, kapena laser. Ena amatamanda laser kuti magazi satuluka ambiri. Koma ngati fupa lachoka, kodi phazi limasamala kuti lachotsedwa ndi chiyani? Chinanso n'chakuti nthawi zambiri fupalo silichoka lonse. M'chaka cha 2017 dokotala wina wa ziweto, Nicole Martell-Moran, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayeza amphaka 274, theka odulidwa zala, theka osadulidwa. Atajambula odulidwawo pa X-ray, anapeza kuti 63 mwa 100 alionse anali ndi tizidutswa ta fupa totsalira m'mapazi. Ndinakumbukira mmene kamwala kamodzi kolowa mu nsapato kamavutira pa ulendo wopita kuchigayo. Munthu umaima n'kuvula nsapatoyo. Nanga kamwala kakakhala m'kati mwa mnofu, pa zala zingapo, moyo wonse? Pena kachidutswa kotsalako kamayamba kumeretsanso chikhadabo chopindika pansi pa khungu, n'kuchita mafinya patapita zaka.

Apa m'pamene ndinayamba kuona mphaka wa agogo ndi maso ena. Chidandaulo chawo cha tsiku ndi tsiku chinali chakuti amakodza pa kapeti, bokosi lake la mchenga lili pomwepo. Ankati amachita dala. Koma kodi mphaka amadziwa kuchita dala? Mchenga wa m'bokosimo ndi timiyala touma, ndipo kapeti ndi yofewa. Ine mapazi anga atakhala ndi zilonda, ndingasankhe kuponda pati? Kafukufuku uja anapezanso kuti amphaka odulidwa zala anali pa chiopsezo chodzithandizira kunja kwa bokosi kuwirikiza ka 7 poyerekeza ndi anzawo, choluma anthu kuwirikiza kupitirira ka 4, ndipo chodwala msana kuwirikiza pafupifupi ka 3. Za msanazo zinandidabwitsa mpaka nditazimvetsa. Zala zikafupika, kapondedwe kamasintha, thupi lonse limayenda mopotoka, monga mmene munthu wotsimphina amayambira kumva m'chiuno. Ena amadzinyambita mpaka ubweya kuthothoka.

Za kuluma sindinafunikire buku, chipsera chili pamkono pangapa. Mphaka wa zikhadabo ukamusowetsa mtendere amayamba wakuchenjeza ndi phazi. Amene alibe zikhadabo watsala ndi mano okha. Akathamangitsidwa ndi galu, kukwera mtengo kumamuvuta. Kodi n'zodabwitsa kuti nyama yotero imakhala yamantha, yothawira kunsi kwa bedi mlendo akagogoda?

Ndinafunsanso kuti, kodi mphaka amakandiranji sofa? Ndinkaganiza kuti mwina ndi mwano chabe. Koma ayi. Chikhadabo chake chimakula mosanjikizana, ndipo akamakanda amafundula chikhungwa chakale kuti chatsopano chituluke. Amadziwongolanso, kukoka msana ndi mapewa zikhadabo zitakola pa chinthu cholimba. Ndiponso pakati pa zala zake pamatuluka fungo limene amasiya pamalopo posonyeza kuti pano ndi pake. Kwathu amachita zimenezi pa mtengo wa mango kapena pa nsanamira ya khonde ndipo palibe amene amadandaula. Kuno amphaka ambiri satuluka panja. Akuti zinayamba kusintha kwambiri munthu wina wa ku Michigan, Ed Lowe, atayamba kugulitsa dothi louma loika m'mabokosi a amphaka mu 1947. Mphaka analowa m'nyumba, mtengo wa panja unatsala panja, iye n'kupeza sofa. Ndiye analakwa chiyani?

Sindikufuna kunamizira anthu nkhanza zimene alibe. Alipo amene amachititsa zimenezi chifukwa cha mantha enieni. Agogo amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo khungu lawo ndi lopyapyala moti akangokalika pang'ono magazi amachedwa kuleka. Enanso chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka. Koma ngakhale bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, sililangiza anthu otere kudula zala za amphaka awo. Matenda amene amabwera mphaka akakukanda amachokera ku nthata, choncho chofunika ndi kuthana ndi nthatazo ndi kutsuka bala. Ndipo bala la mano a mphaka ndi loopsa kuposa la zikhadabo, chifukwa mano ake ndi osongoka ngati singano, amalowetsa tizilombo m'kati, pakamwa pa balalo n'kutsekeka. Ngati tikuteteza agogo, tikuwatetezadi powapatsa mphaka woluma?

Palinso madokotala amene amati akakana, eni ake akamutaya mphakayo kapena kukamusiya kosungira nyama zopanda eni, kumene mwina akaphedwa. Mawu amenewa ndimawamva, ndipo ndi olemera. Koma mphaka wokodza pa kapeti ndi woluma ana, ameneyo amasungidwa? Zikakhala kuti m'chala muli chotupa kapena chavulala moti sichingachire, kudula n'komveka, chifukwa phindu ndi la mphakayo. Nanga chala chikakhala chabwinobwino, wodwala ndani amene akuchizidwa?

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi malamulo. Ku Britain mchitidwewu ndi woletsedwa pansi pa lamulo loteteza nyama la 2006. Pangano la mayiko a ku Ulaya loteteza ziweto za pakhomo linauletsa kale mu 1987. Kuno ku America mzinda wa West Hollywood unayamba kuletsa mu 2003. Amene analimbikira kwambiri anali dokotala wa ziweto Jennifer Conrad, yemwe ankachiza mikango ndi akambuku osungidwa ndi anthu ku California. Zilombozo zinadulidwa zala zili zazing'ono, ndipo zina zitakula zinkalephera kuyenda chifukwa cha ululu. Boma la New York linaletsa mu 2019, ndi chindapusa chofika madola 1,000, ndipo Maryland inatsatira mu 2022. Koma m'madera ambiri a dziko lomweli n'zololedwabe. Phazi ndi lomwelo, fupa ndi lomwelo. Zimatheka bwanji kuti chinthu chikhale mlandu tsidya ili la malire, tsidya linalo n'kukhala ntchito yolembedwa pa mndandanda wa mitengo pafupi ndi katemera?

Ndipo njira zina zilipo, zosavuta moti ndinachita kufunsa kawiri. Zikhadabo za mphaka zimawengeka kunsonga, milungu iwiri kapena itatu iliyonse, osafika pofiira pamene pali magazi. Pali mtengo wokulungidwa ndi chingwe cha khonje, wautali ndi wolimba, woimika pafupi ndi pamene amakonda kukanda. Pali timapulasitiki tofewa tomata pa zikhadabo. Zonsezi zimafuna nthawi ndi kuleza mtima. Kodi ndiye kuti vuto lagona pamenepo?

Zonsezi ndinazisunga mumtima milungu ingapo, chifukwa ndine wantchito m'nyumba muno ndipo sindinafune kuwapweteka agogo. Koma m'mawa wina tinakhala tonse tikumuyang'ana mphakayo. Anapita pa mkono wa sofa, anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, n'kuyamba kupalasa ndi mapazi ake ofewawo, lamanja, lamanzere, lamanja, popanda phokoso lililonse. Amatero tsiku lililonse. Agogo anati, "Taonani, sakudziwa n'komwe kuti alibe." Ine ndinati, "Agogo, mundilole ndikuonetseni chinthu." Ndinatenga dzanja lawo n'kugwira pamfundo pamene adokotala anagwira ine.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anandifunsa ngati mphakayo akumvabe kuwawa mpaka lero. Ndinawauza kuti X-ray ingathe kuonetsa ngati muli tizidutswa totsalira, ndipo ngati tilimo timatha kuchotsedwa, komanso alipo mankhwala ochepetsa ululu. Anandituma kuti ndiimbe foni kuchipatala cha ziweto. Madzulo ake ndinakhuthula timiyala tija m'bokosi n'kuikamo mchenga wofewa. Mphakayo anabwera, ananunkhiza, anaponda ndi phazi limodzi, anadikira pang'ono, n'kulowetsa linalo.