Ulemu kwa Benz ya Akalaliki, Galimoto Yosadziwa Kuzima

Ife a ku Masambanjati kuyamika sitidziwa. Nthochi tinayamba kuzitama zitatha kale ndi chisaka, ndipo munthu timamutchula wabwino tikumutsitsira m'manda. Ndiye ine ndati Benz ya Akalaliki ndiitame idakali moyo, isanasanduke khola la nkhuku, chifukwa kuyambira ku Makwasa mpaka kutsetserekera ku Thekerani palibe chinanso chimene chikayamba ntchito chimakana kuisiya.

Amene simukuidziwa ndinu alendo, apo ayi makutu anu ali ndi vuto. Ndi Mercedes-Benz 240D ya dizilo, ya m'gulu limene eni fakitale amalitcha W123. Galimoto za m'gulu limeneli zinapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, ndipo zinakwana pafupifupi 2.7 miliyoni. Zina ankazimanga ku East London, ku South Africa, ndipo yathuyi inachokeradi ku Joni, mlamu wawo wa Akalaliki ali pa chiwongolero, kudzera ku Tete ndi ku Mwanza. Mlamuyo anatisiya kalekale. Galimoto ilipo. Akalaliki, amene anakalambira pa sikelo ya pa esiteti akulemba makilo a masamba a tiyi, amati inali yoyera. Sitiwatsutsa poti ndi akuluakulu, koma dothi la Thyolo linagamula kale kuti ndi yofiira.

Ulemerero wake waukulu ndi uwu: siizima. Tigalimoto ta masiku ano, ma Sienta odzadza pa siteji awa, mukangopotoza kiyi timangoti zii, mantha okhaokha. Benz ayi. Akalaliki amafika pabwalo madzulo, kupotoza kiyi, kumuzula, kumuponya m'thumba la jekete, kutsika, kutseka chitseko, injini ili gu-gu-gu, osalabadira kuti mwini wake wanena chiyani. Apa mpamene pamayambira mwambo. Amavula chipewa n'kuchikhazika padenga. Amazungulira kutsogolo mosafulumira, kukoka kalilime kotulukira pakamwa pa galimoto, kutukula boneti, kuwerama mpaka tayi kulendewera pamwamba pa injini, n'kudina ndi chala chachikulu kachitsulo kolembedwa kuti STOP. Galimoto imanjenjemera thupi lonse, kutsokomola kawiri, kenako bata mudzi wonse, mpaka mumamva nkhuku za kutsidya. Ana amaganiza kuti agogowo amakhala akuipempha, ndipo sindiona chifukwa chowatsutsira anawo.

Makaniko wathu wa pansi pa mtengo wa mango anandifotokozera chimene chimachitika, akupukuta manja pa ovolosi. Injini ya dizilo yakale, ikangolira, siifunanso magetsi. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe, dizilo akalowamo amayaka yekha. Ndiye kuidulira magetsi n'kutaya nthawi, uyenera kuimana mafuta. Pofuna kutero, Ajeremani anayala timapaipi toonda tapulasitiki toyamwa mpweya, kuchokera pa kiyi kukafika pa pampu ya dizilo. Ukapotoza kiyi, kuyamwako kumakoka kotsekera mafuta. Kapaipi kakangobowoka pena pake, kaya ndi ukalamba kaya ndi khoswe, kuyamwa kumatha, mafuta amangoyendabe. Timapaipi tomweto ndi timene timakiyanso zitseko, n'chifukwa chake chitseko cha kumbuyo kumanzere chimatseguka tsiku limene chakonda. Pobowokapo makaniko wakhala akupafuna kuyambira ali mnyamata wopatsira sipanala. Lero ali ndi imvi, komanso nyumba ya malata imene Benz inamumangira.

Koma taonani nzeru za Ajeremani aja. Anadziwiratu kuti tsiku lina chinthu chawo chidzakana kumvera, n'kuikiratu pamene munthu ungadine kuti chitonthole. Tikanakhala ndi kachitsulo kotere pa msana wa mlendo wolemekezeka aliyense wobwera kudzalankhula pa msonkhano wa chitukuko, bwenzi tikubwerera kumunda dzuwa lisanafike paliwombo.

Ansanje amati, nanga poti m'mawa imakana kulira? Eya, imakana. Chinthu chosafuna kusiya ntchito chili ndi ufulu woganiza kaye bwino chisanayambe. Mu June ndi July, chiperoni chikakuta minda ya tiyi, injini ya dizilo imafuna mahita oitenthetsa, koma mwa mahita anayi a Benz yathu amoyo ndi ochepa, ndipo batire ndi lomwe lija la pa sola, limene usiku limaonetsa mpira. Choncho Akalaliki amaigoneka itapenya kumtsetse. Tsoka limagwera othyola tiyi amene amadutsa kum'bandakucha, madengu ali kumsana. "Anyamata, tandigwirani pang'ono chabe!" Palibe bodza lalikulu m'dera lino loposa pang'ono chabe ameneyu, chifukwa chitsulo chimenechi chimalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Madengu pansi, mapewa pa buti, mapazi akuterera m'matope. "Ikani giya yachiwiri, Akalaliki! Tayani kilatchi!" Yakana. "Tayaninso!" Ikavomera imayamba yalavula utsi wakuda pa malaya a okankha onse, kenako n'kuthawa. Akalaliki sangaime kuti athokoze, amangotulutsa dzanja pawindo n'kuliza hutala. Akapitawo a pa esiteti anasiya kufunsa. Munthu akafika mochedwa nkhope ili bii, amadziwa kumene wachokera.

Ndine mmodzi wa okankhawo, poti khomo langa layang'anizana ndi lawo, ndipo msana wanga uli ndi mawu ake pa nkhaniyi. Komabe ndinene kuti kukankha si chilema cha galimoto iyi, ndi mwambo wa makolo ake. Karl Benz wa ku Mannheim analembetsa galimoto yake ya matayala atatu pa 29 January 1886, koma anthu sanaikhulupirire. Mu August 1888 mkazi wake, Bertha, anadzuka m'mamawa, kutenga ana awo awiri, Eugen ndi Richard, n'kuyamba ulendo wa makilomita oposa 100 wopita kwa amayi ake ku Pforzheim, bamboyo osamutsanzika pamaso. Pa zitunda galimoto inkalephera, ndipo ankatsika n'kukankha. Mafuta atatha anakagula m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, imene lero aitcha malo oyamba omwetsera galimoto pa dziko lapansi. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi chipini cha chipewa chake, waya ataperepeseka anamukulunga ndi kalamba komangira sokosi, mabuleki atadyeka anapita kwa wosoka nsapato kuti awakhomere chikopa. Ulendo woyamba wautali wa galimoto pa dziko lino unali wotero: kukankha, kumanga ndi nsanza, kugula mafuta a m'botolo. Ndiye inu amene mumaseka mayi a kunyumba kwa Akalaliki akamang'amba chitenje chakale kuti amange paipi ya madzi, kapena mukaona chigubu cha dizilo wogula m'mbali mwa msewu chikupendekeka pa fanulo, dziwani kuti mukuseka mbiri. Ku Germany njira imene anadutsa Bertha anaiikira zikwangwani za chikumbutso. Mtsetse wathu wa pa chigayo mpaka pano ulibe ngakhale chimodzi.

Dzina lakutsogololo linabwera pambuyo. Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach ankapanga injini zawo kwina, ku Cannstatt, ndipo wamalonda wina, Emil Jellinek, anaitanitsa galimoto zambiri ku kampani ya Daimler n'kulamula kuti zitchedwe dzina la mwana wake wamkazi, Mercédès. Yoyamba inatchuka pa mipikisano mu 1901. Makampani awiriwo, ya Benz ndi ya Daimler, anadzaphatikizana mu 1926. Nyenyezi ya nsonga zitatu ija ya pamphuno inkatanthauza kuti injini zawo zidzalamula pamtunda, pamadzi ndi mumlengalenga, ndipo Benz yathu yakwaniritsa ulosiwo mwa njira yake: imatitimira pamtunda, mvula imalowera pansi pa mapazi a dalaivala, ndipo mlengalenga mwa Masambanjati simuiwala utsi wake. Nyenyezi yeniyeni anaithyola anyamata ku Limbe zaka zapitazo. Imene ilipo pano anaipinda ndi mdzukulu wawo wa Akalaliki, katswiri wa galimoto za mawaya, ndipo Akalaliki amaisunga m'kabati, amangoivala pa ukwati ndi pa tsiku la Mulungu.

Za ukwati ndisazidumphe. Mkulu wa mpingo uja amene amadandaula kwambiri kuti phokoso la Benz limasokoneza mapemphero a m'mawa, mwana wake atapeza banja anapita yekha, chipewa kumanja, kukaipempha. Anaikongoletsa ndi maliboni ndi mabaluni. Itafika pa tchalitchi panabuka nkhani. Kuizimitsa kunafuna kutukula boneti, ndiye kuti kudula maliboni onse, komanso panalibe wotsimikiza kuti akwati akatuluka idzaliranso, poti pamalopo ndi pachidikha ndipo amuna onse anali m'masuti obwereka. Anagwirizana zoisiya ikulira. Malumbiro onse anamveka pamwamba pa gu-gu-gu, kwaya inatengera kugunda komweko, ndipo amayi ena mpaka lero amati sanamvepo nyimbo zoyenda bwino chomwecho. Banjalo lilipo, lili ndi ana. Mkulu wa mpingo wayambiranso kudandaula.

Akalaliki mukawaputa amakuuzani za Gregorios Sachinidis, woyendetsa takisi wa ku Thessaloniki, ku Greece, amene 240D yake ya 1976, ya m'gulu lotsogolera lathuli, inayenda makilomita 4.6 miliyoni mpaka kampani inaitenga mu 2004 kukaiika m'nyumba yake yosungiramo zakale. Amakuuzaninso kuti ku Morocco galimoto zotere zinanyamula anthu kwa zaka zambirimbiri monga matakisi a pakati pa mizinda. Yathuyi yayenda mtunda wotani? Mita yake inaima kalekale. Pa galimoto yonseyi ndicho chokhacho chimene chinavomera kuima osachidina.

Tsono apa nthabwala zikundithera. Kamlatho ka pa mtsinje wa kumunsi kwathu anakayamba ndi nyimbo, mbendera ndi mwala wa maziko. Mwalawo ulipo, mbuzi zimakhulapo msana. Mjigo wa pa sukulu unagwira ntchito mpaka alendo atajambulitsa. Mabwana amene amabwera kudzayambitsa zinthu zimenezi nawonso galimoto zawo sizizima, ndaziona: bwana ali pa nsanja kutiuza kuti timange lamba, kunja chigalimoto cha magalasi akuda chikungolira maola awiri kuti mpando usatenthe. Kumeneko kulibe kapaipi kobowoka, chobowoka ndi thumba lathu. Ndipo usiku mayi akayamba kudwala pakati, foni n'kuyankhidwa kuti ambulansi ilibe mafuta, amene amagogodedwa ndi Akalaliki. Amadzuka ndi jekete pamwamba pa zogonera, ife tonse timadzuka nawo, kukankha mumdima popanda wowerengera mnzake, mpaka nyali zake zachikasu zilowere njira ya ku Malamulo. Pa chipata cha chipatala saizimitsa, ndipo ulendo umenewu palibe amawaseka. Ana angapo amene lero amaiponya miyala ndi kuitchula chiphapha anafika pa dziko lino chifukwa inakana kuima panjira. Mmodzi wa iwo ndi iwe wa kabaza wofiira, amene umaidutsa ukuliza hutala monyoza. Kafunse amayi ako.

Sindikunena kuti ndi yotsika mtengo. Penshoni ya Akalaliki imathera ku Ndirande, kumene amakasaka zipangizo m'milu ya zitsulo, ndipo nthawi imene dizilo amasowa m'dziko muno Benz inkagona pa mzere ku Thyolo boma, mwini wake ali m'katimo ndi bulangeti ndi fulasiki ya tiyi. Ana awo a ku Lilongwe awapempha kangapo kuti aigulitse awagulire kagalimoto kochokera ku Japan. Yankho lawo silisintha: "Kamene kamazima ndikakauza? Nanga ine ndizichita chiyani madzulo?"

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi mphekesera yoipa. Akuti makaniko, atatha zaka zonsezi, wapapeza pobowoka paja, kuseri kwa chiwongolero, ndipo kapaipi kake n'kotchipa kuposa nkhuku. Akalaliki, mwina chifukwa cha msana umene wayamba kuvuta powerama, avomera. Mdzukulu wa nyenyezi uja ndiye watumidwa kukagula Loweruka likubwerali. Ine ndalankhula naye kale mnyamatayo kuseri kwa nyumba. Ndamuuza kuti akafika ku Limbe ayambe wadya chipisi ndi nyama, amwe ndi chozizira, aonereko kanema, ndipo ndalama ya kapaipi ikathera momwemo asaope kubwera, agogo ake ndikawauza kuti ndi ine ndinamutuma.